Chigamba cha Pensulo

Mwana wanga wamwamuna ndi telala. Shopu yake ndi kachipinda ka kumaso kwa nyumba yathu: makina awiri osokera, tebulo lodulirapo nsalu, simbi, ndi galasi lalitali long'aluka pakona. Khoma limodzi amagawana ndi wometa tsitsi, ndipo khomalo n'lopyapyala moti wina akayetsemula, mnzakeyo ndiye amapukuta mphuno. Ine malo anga ndi pampando wa pafupi ndi chitseko, pomwe ndimatolera zidutswa za nsalu uku ndikuyang'ana olowa ndi otuluka. Kusukulu sindinapondeko. Zilembo kwa ine ndi nyerere zofera papepala. Koma nkhope za anthu ndimawerenga, ndipo zomwe ndikuuzeni pano zinachitika ndikuona. Inu amene muli ndi ana kusukulu zapamwamba tcherani khutu, chifukwa chomwe chinalowa m'nyumba mwathu sichinagogode.

Telalayo ali ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana, yemwe mayi ake anatisiyira ali ndi zaka zinayi. Kuyambira tsiku lomwe mwanayo anabwera ndi lipoti lake loyamba la kusukulu, bambo ake anaiwala dzina lomwe anamupatsa okha. Anali Namba Wani basi. Namba Wani bweretsa sizasi, Namba Wani tapatsa moni alendo. Kasitomala aliyense wobwera kudzayesedwa thalauza ankachoka atamva malikisi onse a mwanayo, afune asafune.

Ndinkamuuza kuti, "Iwe, dzina limeneli n'katundu. Usamusenzetse mwana mwala pamutu."

Iye ankaseka, mapini ali pakamwa. "Amayi, inu chilichonse mumaopa. Ngakhale mthunzi wanu womwe mumaupatukira."

Mtsikanayo anapita ku yunivesite kukaphunzira zoyeza malo ndi kujambula mapu. Zaka zinayi anayenda ndi nsapato zofumbira, akusenza zitsulo za miyendo itatu padzuwa, ndipo sanagwepo ngakhale kamodzi. Kampani ina yokonza misewu, komwe anakaphunzirako ntchito miyezi ingapo, inamuuza kuti akangolandira satifiketi apite nayo, desiki ikumudikira. Mayeso omaliza asanalembedwe n'komwe, telala anali atagula kale nsalu yobiriwira yonyezimira, nayamba kusoka diresi loti mwana wake adzavale mkati mwa gauni pa tsiku lolandira digiri.

Zotsatira zinatuluka pa foni, Lolemba m'mawa, ndikusesa m'shopu. Mtsikanayo anakhoza. Maphunziro onse anapeza malikisi opitirira 70, kupatula limodzi lokha lomwe anapeza 51. Pokhozera panali pa 50. Digiri inali yake, ntchito inali yake. Koma 51 ameneyo anamutsitsa kuchoka m'gulu loyamba, la anthu omwe mayina awo amaitanidwa poyambirira holo yonse itaimirira, n'kumuika m'gulu lachiwiri.

Ine ndinaika tsache pansi n'kuyamba kuthokoza Mulungu. Nditakweza maso ndinaona mwana wanga atazimitsa makina, milomo itauma ngati walandira uthenga wa maliro.

Wometa uja anasuzumira pakhomo, chipeso chili m'manja. Nayenso anali ndi mwana wa mlongo wake m'kalasi lomwelo, mnyamata wongokhoza mokwawa chaka ndi chaka.

"Aneba, ndamva kudzera pakhomali. Mwana wakhoza, zikomo kwambiri. Kungoti tsopano tizimuitana kuti chiyani? Namba Thuu?"

Anali kuseka chabe, monga amasekera anthu oyandikana. Koma mawuwo analowa mwa telala ngati singano yothyokera m'chala.

"Amubera," anatero telala, wometayo atachoka. "Ndi mayi uja wamagalasi. Ndinadziwa kuti sadzamukhululukira."

Mphunzitsi wa phunzirolo anali mayi wachikulire, wa imvi, wamagalasi okhuthala. Chaka chapitacho mtsikanayo anamukonza masamu pabolodi kalasi yonse ikuona. Nkhani imeneyi telala anali ataifotokozera tauni yonse, ndipo ulendo uliwonse ankaiwonjezera mpendero.

Mtsikanayo nayenso zinamuwawa, ndisaname. Ankati pepalalo analemba bwino, manja mpaka kutupa. Koma iye ankadziwa malamulo a kusukulu kwawo, ndipo anatikhazika pansi kutifotokozera. Anati makomo alipo awiri. Loyamba n'kupempha kukaona pepala lako momwe analichongera: umalowa wekha m'chipinda, wopanda foni, wopanda cholembera, wopanda chikwama, n'kuliyang'ana kwa mphindi khumi ndi zisanu. Pamenepo palibe chimasintha. Khomo lachiwiri n'kudzaza fomu yopempha kuti pepalalo lichongedwenso ndi munthu wina wakunja, wosakudziwa. Fomuyo ikangodindidwa sibwezedwa, ndipo malikisi atsopanowo ndi omwe amakhala, kaya akwera kaya atsika.

Ndinafunsa kuti, "Ndiye kuti akhoza kukulanda ndi omwe uli nawowa?"

"Akhoza, Agogo."

"Alande chiyani?" anatero telala. "Wakuba akagwidwa amabweza, salandanso."

Pamenepo ndinalankhula, ndipo ndinalankhula ngati mayi wake. "Iwe ndiwe telala. Ndi kangati ndakuona utalakwitsa kudula jekete la munthu, n'kuikamo kachigamba mkati, n'kukaphimba bwinobwino? Mwiniwake amachoka akunyada, amakakwatira nalo, amakalamba nalo. Chovala chikakukwana suchitembenuza pagulu. Mwanayu wakhoza. Msiyeni."

"Amayi, izi ndi za sukulu. Si za mapini."

Mwana wanga ankadziwa pondimenya. Munthu wosaphunzira akauzidwa kuti izi n'za sukulu, amabwerera m'chigoba ngati nkhono.

Fomuyo anadzaza yekha telala, patebulo lodulirapo nsalu, ndi zilembo zikuluzikulu. Masiku awiri sanamupatse mpata mwanayo. Pa chakudya, fomu. Pochapa, fomu. Mapeto ake mtsikanayo anasaina, koma anaika chala pamwamba pake n'kunena kuti, "Bambo, ndasaina kuti mtima wanu ukhale pansi. Koma iyi sipita kulikonse ndisanaone pepala langa. Tili ndi mpaka Lachisanu."

"Ndamva, Namba Wani."

Ine ndinaona kuti sanamve. Maso ake anali kale pa envulopu.

Lachitatu tinapita tonse atatu. Ine ndinakakamira kupita chifukwa ndinati bola ndikakhale pakati pawo. Kumaloko sindinazolowere. Makonde ataliatali onunkha sopo wokolopera, zitseko zofanana zonse, mapepala omatidwa pakhoma paliponse, ana aang'onoang'ono akuyenda mothamanga ngati aliyense akuthawa mvula. Tinakhala pabenchi moyang'anana ndi chitseko chomwe ophunzira ankalowa mmodzimmodzi. Kumapeto kwa khondelo kunali zenera la magalasi, kuseri kwake kuli kalaliki ndi chidindo chake.

Ataitana nambala yake, mtsikanayo anavula chikwama n'kundipachika m'khosi. Kenako anatulutsa envulopu ija, napitirira bambo ake, naiika m'manja mwanga, n'kupinda zala zanga pamwamba pake.

"Agogo, sungani. Musapatse munthu aliyense mpaka nditatuluka."

Chitseko chinatsekeka. Telala anaimirira, anakhala, anaimiriranso. Chitseko chitatseguka pang'ono kuti wina atuluke, anaona yemwe anakhala patebulo m'katimo kuyang'anira ophunzira. Anali mayi wamagalasi uja.

"Mwaona, Amayi? Ndi yemweyo. Akangodziwa kuti tikufuna kudandaula, pepalalo alikonza usanafike mawa. Anthu awa amatetezana. Fomuyi iyenera kulowa mayiyo asanatuluke m'menemo."

Ndinafinya envulopuyo pachifuwa. "Wati ndisapatse munthu."

"Kodi ine ndi munthu? Ine ndi bambo ake." Kenako anatsitsa mawu, nawafewetsa ngati momwe amachitira ndi kasitomala wokwiya. "Chabwino, sindipereka. Ndingoona ngati nambala yake ndinalemba bwino. Inu mungaione nambalayo?"

Sindikanatha kuiona. Anthu a pabenchi anali atayamba kutiyang'ana, ana ophunzira, ovala bwino, ndipo ndinachita manyazi kulimbana ndi mwana wanga wandevu pamaso pawo. Zala zanga zinamasuka. Ndikukuuzani inu, manyazi ndi mbala. Amakubera chinthu uli maso.

Sanaitsegule n'komwe envulopuyo pamaso panga. Anayenda molunjika kuzenera kuja. Ine ndinatsala pabenchi. Khondelo linali lachete moti ndinamva zonse.

"Mwana wanu waliona kale pepala lake, bambo?" anafunsa kalaliki.

"Akuliona panopa."

"Bwanji osadikira atuluke? Zenera lino silithawa. Lachisanu n'kutali."

"Wasaina kapena sanasaine?"

"Wasaina."

"Ndiye inu ntchito yanu n'chiyani?"

Kalalikiyo anamuyang'ana kanthawi, nakweza mapewa. Chidindo chinagwa kamodzi, du.

Mtsikanayo anatuluka mphindi zake zisanathe. Nkhope yake inali ya munthu yemwe galimoto yamuphonya pang'onong'ono: yotuwa, koma ikufuna kuseka. Anabwera kwa ine atatambasula dzanja.

"Agogo, envulopu ija. Tiing'ambe pompano."

Anayang'ana manja anga. Anayang'ana bambo ake, omwe anaima chilili atagwira kapepala kodindidwa ngati mbendera. Sanakuwe. Anangokhala pansi pabenchi pang'onopang'ono, ngati nkhalamba.

Zomwe anaona m'chipindamo anatiuza ali chiweramire. Zaka zonse m'mbuyomo, pepala la phunzirolo linkati yankhani mafunso atatu alionse. Iye anali ataphunzira mapepala akale onse mpaka kuwaloweza, ndiye tsiku la mayeso mzere wa pamwamba sanauwerenge n'komwe. Chaka chimenecho mzerewo unali utasintha. Unkati funso loyamba aliyense ayankhe, kenako asankhe ena awiri. Iye analumpha loyambalo n'kuyankha ena atatu. Mwa lamulo, awiri okha ndiwo anayenera kuwerengedwa, ndipo awiriwo anamupatsa 44. Anali atalephera. Koma pachikuto cha pepalalo, pakona, pansi pa inki yofiira, panali timawu ta pensulo. Mphunzitsiyo analemba kuti mwanayu phunziroli akulidziwa, wangophonya malangizo, choncho watengako malikisi asanu ndi awiri ku yankho lowonjezera lija kuti awoloke.

Chigamba. Chigamba cha pensulo, chosokedwa mkati, ndi munthu yemwe telala ankamutcha wakuba.

Mtsikanayo anathamangira kuzenera. Ndinamuona akupinda manja, akuloza bambo ake, akuloza chitseko. Kalalikiyo anapukusa mutu mwachisoni. "Chemwali, ndinawafunsa. Nambala yalowa kale m'makina. Ngakhale ine ndikanafuna, sindingaitulutse."

Nthawi yomweyo mayi wamagalasi uja anatuluka atakumbatira mtolo wa mapepala. Ataona mtsikanayo anaima, nalankhula motsitsa mawu, mokhala ngati akumukalipira koma maso akumwetulira.

"Waliona? Ndiye pita kunyumba ukasite gauni. Ndipo kuntchito ukukapitako, uzikayamba wawerenga mzere woyamba."

Mtsikanayo anayamba kulira. Mayiyo anayang'ana uku ndi uku, mpaka maso ake anagwera pa kapepala kodindidwa kaja. Anavula magalasi, nawapukuta ndi nsonga ya bulauzi, nawavalanso. Ine ndinkayembekezera kuti mwana wanga agwada. Koma munthu wouma khosi akazindikira kuti walakwa, m'pamene khosilo limaumiratu.

"Ngati munachita chilungamo, mayi, mukuopa chiyani?" anatero telala.

"Chilungamo n'chomwe mwapemphacho, bambo," anayankha mayiyo. "Muchilandira."

Anakonza mtolo wake m'manja n'kumapita.

Kalata inabwera patatha masabata atatu. Wochonga wakunja uja sankadziwa Namba Wani, sankadziwa diresi lobiriwira, sankadziwa kuti kuli desiki ikudikira. Ankadziwa mzere woyamba. Anawerenga mayankho awiri, napereka 44, nalembanso kalata ina kwa akuluakulu a sukulu yofunsa kuti timawu ta pensulo tija tikutanthauza chiyani. Phunzirolo limaphunzitsidwa kamodzi pachaka. Mtsikanayo anauzidwa kuti abwerenso chaka chamawa adzayambe phunzirolo pachiyambi, ndipo pa satifiketi yake padzakhala chizindikiro choti anabwereza. Gulu loyamba linapita. Gulu lachiwiri, lomwe bambo ake analinyoza, linapitanso.

Sizinathere pomwepo. Msoko ukauphwasula poyambira, umaphwasuka mpaka kumapeto. Akuluakulu analamula kuti mtolo wonse wa mayi uja uchongedwenso. Anapeza ophunzira ena awiri omwe anaphonya mzere womwewo, nawonso atawolotsedwa ndi pensulo yomweyo. Onse awiri anagwa. Mmodzi anali mayi wa ana awiri yemwe ankaphunzira uku akugwira ntchito. Foni ya mtsikana wathu inalira masiku atatu ndi mauthenga omwe sanafune kundiwerengera, kenako anaizimitsa n'kuiika pansi pa zovala. Mphunzitsi uja anaitanidwa kukayankha pamaso pa anzake, naletsedwa kuchonga mayeso, ndipo chaka chisanathe anapuma ntchito nthawi yake isanakwane. Akampani aja anadikira mwezi umodzi, chifukwa ankamukonda mwanayo. Koma msewu sudikira munthu. Desiki inapatsidwa wina.

Telala anayesa kuyenda. Anavala jekete lake labwino n'kupita kukapepesa kumaofesi, chitseko ndi chitseko. Kulikonse ankamupatsa mpando, kumumvera mwaulemu, n'kumuonetsa fomu yodzazidwa ndi dzanja lake lomwe, zilembo zikuluzikulu. Kwa mayi wamagalasi analemba kalata yaitali. Inabwerera yosatsegulidwa.

Ndipo onani mmene dziko limasekera munthu. Nyengo yolandira madigiri ndi nyengo yomwe matelala sapuma. Sabata imeneyo shopu inadzaza ndi makolo ndi ana awo, ena a m'kalasi lomwelo, ofuna masuti ndi madiresi. Mwana wanga anagwada pansi ndi tepi m'khosi, akuyesa miyendo ya ana a anzake, akufunsa kuti thalauza lifike pati. Palibe yemwe anamva za malikisi a munthu sabata imeneyo. Makina okha ndiwo ankalankhula.

Wometa uja anabwera ndi mwana wa mlongo wake, mnyamata wokhoza mokwawa uja, yemwe anapeza 50 weniweni pa phunzirolo, wopanda chigamba. Anaima pakhomo akuzengereza.

"Aneba, ngati n'zovuta tikhoza kupita kwina."

"Lowani," anatero telala osakweza mutu. "Kwezani manja, achimwene."

Atatha kuyesa, wometayo anatsalira pang'ono. "Za tsiku lija, ine ndinkangocheza."

"Ndikudziwa."

Diresi lobiriwira lija likadali pamsomali kuseri kwa chitseko, lokutidwa ndi pulasitiki, mpendero wake wosapinda. Makasitomala awiri alifunsapo mtengo. Telala amangoti si logulitsa.

Mtsikanayo anabwerera kusukulu. Amadzuka m'mamawa, amakakhala m'kalasi ndi ana omwe kale ankamufunsa nzeru, amabwera madzulo, amadya, amatsuka mbale yake. Sanatukwane munthu. Bambo ake amawapatsa moni mwaulemu wonse, ulemu wozizira ngati wa kuofesi. Tsiku lina telala anaiwala, namuitana kuchokera m'shopu monga kale.

"Namba Wani, tandipatsira choko."

Mtsikanayo anabweretsa chokocho, nachiika patebulo. "Bambo, munthu ameneyo munakamusiya pazenera paja. Ine ndili ndi dzina."

Kuyambira pamenepo m'nyumba mwathu dzina lija silinamvekenso.

Ine mtsikanayo sanandinene kanthu, ndipo bola akanandinena. Mwana amene ndinamulera pamsana, yemwe ankandisungitsa chilichonse kuyambira mano ake oyamba mpaka makiyi a chipinda chake, tsopano sandisungitsa ngakhale chipeso. Sabata yatha ankamanga zingwe za nsapato pakhomo, mabuku akumugwa m'khwapa. Ndinatambasula manja kuti ndimugwirire. Anandiyang'ana, namwetulira pang'ono, nati, "Musavutike, Agogo." Mabukuwo anawaika pansi, pafumbi.

Ndiye inu makolo, mwana akabwera ndi chomwe wapeza, yambani mwachilandira ndi manja awiri. Ngati pali khomo loti mukaone kaye, kaoneni kaye, ndipo dikirani wolowayo atuluke. Musathamangire chidindo chifukwa mnansi waseka. Si aliyense wokupatsani zochepa amene wakuberani. Wina amakhala wakupatsani zomwe sizinali zanu n'komwe. Ndipo inu okalamba anzanga, mwana akakupindirani zala pa chinthu, musazimasule, ngakhale wopemphayo akhale munthu yemwe munamuyamwitsa.

Mwana wanga anali ndi digiri m'nyumba, ntchito pakhomo, ndi diresi pamsomali. Anazisiya zonsezo n'kutambasula dzanja kuti agwire kuwomba m'manja kwa holo yodzaza anthu osamudziwa. Akale sananame: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.